Kukocheza pa Bazaruto: malangizo kwa woyenda ndi kugona m'boti

Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay amakhala ndi chikhulupiriro chimene iye mwini sadziwa kuti ali nacho: pamene wasiya bwato madzulo ndi pamene alipeze m'mawa. Nyanja yathu imakwera mvula ikagwa, imatsika m'chilimwe, koma pa tsiku limodzi gombe silisuntha. Chikhulupiriro chimenechi muchisiye kumudzi mukamapita ku Bazaruto, zilumba za mchenga za ku Mozambique zimene zili moyang'anana ndi tawuni ya Vilankulo m'chigawo cha Inhambane. Kumeneko madzi amathawa kawiri pa tsiku n'kubwereranso kawiri, ndipo zonse zimene mungachite, kulowa, kuponya nangula, kutsikira kumtunda, ngakhale kukagula nsomba, zimayendera madziwo, osati wotchi yanu.

Ine ndinafikako ndikugwira ntchito m'boti la matanga lotalika mamita 12, lomira m'madzi pafupifupi mamita 2. Tinkaphika momwemo, kugona momwemo, kuchapa momwemo. Malangizo awa ndi a munthu woyenda chotero, kaya boti ndi lake kaya walembedwa ganyu.

Poyamba, dziwani kuti malowa ndi otani

Zilumbazi zilipo zisanu: Bazaruto, chimene ndi chachikulu ndipo kutalika kwake kumapitirira makilomita 30, kenako Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kachilumba ka Bangué. Kupatula Santa Carolina, chimene chili ndi thanthwe, zinazo ndi mchenga wowunjikidwa ndi mphepo ndi mafunde, ndipo zandandalikana ngati mpanda pakati pa nyanja yaikulu ya Indian Ocean ndi dziko. Mbali ya kum'mawa ndi ya mafunde osatha, kulibe pokocheza. Mbali ya kumadzulo, yoyang'ana ku Vilankulo ndi ku Inhassoro, ndi yabata, koma ndi yosaya, yodzaza ndi milu ya mchenga yobisala pansi pa madzi ndi timakwalala takuya tokhotakhota pakati pake. Pogona panu ndi kumeneko.

Mchenga umayenda. Pamene panali khwalala zaka zisanu zapitazo lero pakhoza kukhala mulu. Choncho mapu a panyanja, ngakhale a m'makina odula, muwatenge ngati mlamu wokuuzani njira ya kumudzi kumene iye anapitako kalekale: mumvereni, koma maso akhale patsogolo.

Dera lonseli ndi paki ya boma kuyambira 1971, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,430. Kuyambira 2017 bungwe la African Parks, lomwe lija limayang'aniranso Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, ndi limene limayendetsa pakiyi pamodzi ndi nthambi ya boma la Mozambique yotchedwa ANAC.

Sankhani mwezi

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, ndipo gombe ili amalidziwa njira yake. Namondwe Favio anaphwasula Vilankulo mu Febuluwale 2007. Freddy, amene anadzatisiyira maliro ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, anayamba watera kaye kufupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale chaka chomwecho. Chilumba cha mchenga sichingakubiseni ku chinthu chotero. Musayese.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Pakati pa Julayi ndi Okutobala mumaonanso anamgumi akudutsa kunja kwa zilumba. Maboti ambiri ochokera ku Madagascar opita ku South Africa amafika mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, n'kuima pa Bazaruto kudikira kuti mphepo ya kummwera idutse. Mukafika nthawi imeneyo simukhala nokha, ndipo zimathandiza, chifukwa pa wailesi yolankhulirana ya m'maboti anthu amauzana pamene pali mchenga watsopano.

Mapepala

Apa ndisachulutse. Mmalawi, Mzambia ndi Mzimbabwe amalowa mu Mozambique ulendo waufupi popanda viza, koma chiphaso choyendera chiyenera kudindidwa, ndipo boti nalo lili ndi mapepala ake. Pa zilumbapo si polowera m'dziko. Musananyamuke kumene muli, funsani kuti doko lovomerezeka loyandikana ndi njira yanu ndi liti, mukadindire kumeneko. Pali ena amangoimika mbendera yachikasu, yosonyeza kuti boti langofika ndipo silinadinde mapepala, n'kunena kuti athawa mphepo, osadinda. Kuthawa mphepo ndi nkhani ina, kutsika n'kumakayenda kumtunda ndi nkhani inanso, musasokoneze ziwirizi.

Jambulitsani mapepala onse kangapo: a boti, mndandanda wa anthu okweramo, ziphaso. Ndalama ya paki imalipidwa payokha, ya munthu ndi ya boti. Alonda a paki amabwera ndi boti lawo. Alonjereni bwino, lipirani, pemphani risiti, ndipo muisunge pouma chifukwa ena adzaifunsanso.

Longedzani ngati mukupita kumene kulibe golosale

Pa zilumbapo pali mahotela odula ndi midzi ya asodzi, pakati pake palibe chilichonse cha munthu wa m'boti. Dizilo, petulo wa kaboti kakang'ono, gasi wophikira ndi madzi akumwa, zonse bwerani nazo. Ku Vilankulo kuli msika, mabanki ndi malo omwetsera mafuta, koma kufikako ndi boti lomira mamita 2 ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mafutawo mudzawasenza m'zigubu.

Madzi muwawerengere motere: munthu mmodzi malita 5 pa tsiku akumwa ndi ophikira, kenako onjezerani masiku ena asanu pamwamba pa amene mwakonza kukhala, chifukwa mphepo ndi imene idzakuuzeni tsiku lochoka. Tengani ndalama ya ku Mozambique, metikali, ya mapepala ang'onoang'ono. Msodzi alibe chenji. Neti yoteteza udzudzu, mankhwala a malungo ndi zoyezera malungo zisasowe, kuno ndi kwa malungo ngati kwathu konkuja. Ndipo ngati ndinu wa nsima ngati ine, ufa muuthire m'ndowa yotseka kwambiri. Chinyontho cha m'nyanja ya mchere chimawumbitsa ufa m'masiku ochepa.

Phunzirani kuwerenga madzi musanaone chilumba

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo.

Madzi amadzadza kawiri n'kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi pafupifupi 50. Kuchokera pamene aphweratu kufika pamene adzadziratu pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa. Mawa zonsezi zimachedwerako ndi mphindi 50. Ndiye ngati lero madzi adzadza 9 koloko m'mawa, mawa adzadza cha m'ma 9:50, ndipo pakutha sabata nthawi yomweyo ya 9 koloko mudzapeza pali mchenga wokhawokha.

Kukula kwa kusinthaku kumatsata mwezi wakumwamba. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa, ndi masiku awiri otsatira, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwa kwambiri: pa Bazaruto kusiyana kwake kumafika mamita 3, nthawi zina kupitirira mamita 4. Taganizani, nyumba yonse mpaka padenga. Mwezi ukakhala theka kusiyanaku kumachepa, madzi amayenda mofatsa. Asodzi a kumeneko safuna buku kuti adziwe zimenezi, amangoyang'ana kumwamba. Inu mukhale ndi ndandanda ya nthawi za madzi, ya mu foni komanso yolemba papepala, chifukwa foni imagwera m'madzi.

Madziwa sakwera mofanana ola lililonse. Gawani kukwera konse m'zigawo 12. Ola loyamba amakwera chigawo 1, lachiwiri zigawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Pophwa n'chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti lero kusiyana ndi mamita 3.6, ndiye kuti chigawo chimodzi ndi masentimita 30. Ola loyamba mungoona kusintha kwa masentimita 30, mpaka mukhoza kunena kuti palibe chikuchitika. Koma ola lachitatu ndi lachinayi pamodzi madzi asuntha mamita 1.8. Theka la ntchito yonse limachitika m'maola awiri apakatiwo, ndipo ndi nthawi yomweyo imene madzi amathamanga kwambiri m'makwalala. Anthu ambiri amene amatsakamira pa mchenga amapusitsidwa ndi ola loyamba lija.

Chinthu china chimene simuyenera kuiwala: nambala zimene zalembedwa pa mapu zimanena za kuya kwa madzi pamene aphweratu. Kuya kwenikweni pa nthawi imene mukudutsa ndi nambala ya pamapu kuphatikiza msinkhu wa madzi pa ola limenelo. Chitani samuyi papepala usiku woti mawa mulowa, osati muli kale pakati pa milu ya mchenga mtima ukugunda.

Kulowa

Njira imene maboti omira kwambiri amagwiritsa ntchito ndi ya kumpoto, kuzungulira nsonga ya Bazaruto pamene pali nsanja yakale ya nyali imene Apwitikizi anamanga mu 1913. Nsanjayo ndi chizindikiro chabwino masana. Nsongayo muipatse mpata wokwanira, chifukwa mchenga umapitirira pansi pa madzi kutali ndi pamene maso akuuona. Mpata wa pakati pa Bazaruto ndi Benguerra umaoneka wachidule pa mapu, koma pamene madzi otuluka akumana ndi mafunde a kunja pamawira ngati mphika. Usiyireni eni ake.

Malamulo olowera ndi anayi, ndipo onse ayenera kukumana tsiku limodzi. Madzi akhale akukwera, makamaka kuyambira pakati pa kukwerako, kuti mukakhudza pansi akunyamuleni okha. Dzuwa likhale pamwamba, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, osati likukuthobwani m'maso. Mphepo isakhale yaukali. Ndipo inuyo musakhale otopa. Chimodzi chikasowa, zungulirani kunja mpaka mawa. Usiku musalowe ngakhale wina atakutumizirani njira yake pa foni.

Musalowenso madzi atadzadziratu, makamaka masiku a mwezi wathunthu. Mukatsakamira pamenepo, madzi a mawa mwina sadzafika pomwe afika a lero, a mkuja n'kuchepanso, ndipo boti likhoza kugona cham'mbali pa mchenga pafupifupi masabata awiri kudikira kuti madzi adzakwerenso kwambiri.

Tsitsani matanga, yatsani injini, yendani pang'onopang'ono ngati munthu woyenda pansi. Mmodzi akhale pa chiwongolero akuyang'ana makina oyezera kuya, wina aime kutsogolo, pamalo okwera, atavala magalasi odula kunyezimira kwa madzi. Gwirizanani zizindikiro za manja musanayambe, chifukwa injini ikamalira mawu safika, ndipo kukuwa kumangobala mkangano. Mtundu wa madzi ndiwo mapu enieni. Obiriwira moderako ngati thambo la madzulo ndi akuya. Obiriwira mowala ngati masamba anthete ndi apakatikati, chenjerani. Oyererako kapena achikasu ndi osaya, tembenukani. Chigamba chakuda chikhoza kukhala udzu wa pansi pa nyanja, thanthwe, kapena mthunzi wa mtambo chabe. Cha mtambo chimayenda, zinazo ayi. Mukakayika, chilambalaleni.

Makina a GPS azijambula njira yonse imene mwadutsa, ndipo mulembe m'kope nthawi ndi msinkhu wa madzi pamene munadutsa malo osaya kwambiri. Imeneyo ndiyo njira yanu yotulukira, koma imagwira ntchito pokhapokha madzi ali pa msinkhu womwewo kapena kuposera.

Mukakhudza mchenga madzi akukwera, musapanikize injini kupita kutsogolo. Bwererani m'mbuyo momwe munadzera. Zikakanika, tengani nangula wamng'ono pa kaboti, mukamuponye ku mbali yakuya, kokani chingwe chilimbe, wiritsani tiyi. Madzi akubwera.

Kuponya nangula

Ku Monkey Bay munthu amayeza kuya kamodzi basi. Kuno muyenera kuyankha mafunso awiri: madzi akaphweratu, kodi pansi pa boti padzatsala malo? Nanga akadzadziratu, kodi tcheni changa chidzakwana?

Tiyerekeze mwafika madzi ali pakati, makina akuonetsa mamita 5, ndipo ndandanda ikuti atsikanso mamita 2 kenako akwere mamita 4 kuchokera pansipo. Ndiye kuti pophwa mudzakhala pa mamita 3, boti lomira mamita 2 latsala ndi mita imodzi, zili bwino. Podzadza mudzakhala pa mamita 7. Onjezerani mita imodzi ya kuchokera pamadzi kufika pamphuno pa boti, akwana 8. Tcheni chikhale kasanu kuchulukitsa pamenepo, mamita 40. Mphepo yamphamvu ikamayembekezeka, onjezerani mpaka kasanu ndi kawiri. Amene amawerengera tcheni pa mamita 3 a pophwa aja amadzuka pakati pa usiku boti likuyenda lokha.

Kenako ganizirani bwalo lonse limene boti lidzazungulire. Madzi amatembenuka kanayi pa tsiku, ndipo boti limatembenuka nawo. Pamene mwaima pakhoza kukhala pakuya, koma mamita 40 kumbuyo kwanu pali mulu. Musanaponye, yendani mozungulira malowo mukuyang'ana makina.

Ponyani pa mchenga woyera. Pa udzu nangula sagwira bwino, komanso udzuwo ndi chakudya cha nyama imene pakiyi imainyadira kwambiri, ndifikako. Pa matanthwe a korali, amene amamangidwa ndi tizamoyo ta pansi pa nyanja, ndiye musayandikire n'komwe. Tsitsani nangula pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo, osaunjika tcheni pamodzi, ndipo chikatha kokani ndi injini chambuyo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mutaika phazi pa tcheni. Chikamanjenjemera ndiye kuti nangula akukhwekhwereka, zulani muyambirenso. Tcherani belu la GPS lokudzutsani boti likasuntha, ndipo pa kutembenuka koyamba kwa madzi mukhale maso, chifukwa ndi pamene nangula amazuka n'kufuna kugwiranso.

Usiku wina mudzamva boti likuchita zachilendo: mphuno yaloza kwina, mphepo ikuwomba cham'mbali, tcheni chikukhula pansi pa boti, mbale zikugubuduka. Ndi mphepo ndi madzi zikukanganirana boti lanu. Si ngozi, koma tulo simutiona mpaka madzi atatembenuka. Mukafuna kupewa zimenezi, musaime pakati penipeni pa khwalala pamene madzi amathamanga. Sunthirani m'mphepete, malinga ngati samu ija ikulola.

Za mphepo, wa kunyanja kwathu sangavutike kumvetsa. Mwera umene umaletsa asodzi a usipa kulowa m'madzi uli ndi mkulu wake kuno. Zimayamba ndi mpoto wofunda, makina oyezera mpweya akutsika pang'onopang'ono, kenako bata lokayikitsa, kenako mphepo yozizira yochokera kummwera chakumadzulo imafika mwadzidzidzi. Maola oyamba ndi ovuta chifukwa imadutsa pa madzi a mkati osatchingidwa ndi chilumba, makamaka madzi akadzadza n'kuphimba milu imene imathyola mafunde. Ikakhotera kummwera chakum'mawa, chilumba chimakutchingani. Choncho sankhani malo okhala ndi nsonga kapena mulu wa mchenga kummwera kwanu, ndipo musamuke mphepoyo isanafike, osati itafika.

Kutsikira kumtunda

Pano ndi pamene ndinachita manyazi, ndiye mverani.

Tsiku lachiwiri tinatsika ndi kaboti madzi atadzadza, n'kukakokera pagombe bwinobwino monga ndinkachitira ndi bwato kwathu, n'kupita kukakwera phiri la mchenga. Pobwera patapita maola atatu kaboti kali pomwepo, koma nyanja palibe. Madzi akuoneka kutali uko ngati chinyezi cha pamsewu wa tala. Kaboti ka injini anthu awiri simungakanyamule pa mchenga wonyowa mtunda wonsewo. Ana a m'mudzimo anatizungulira akuseka mpaka kugwira nthiti. Madala wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo sanaseke. Anangoloza dzuwa, n'kutsitsa mkono mpaka kumene limalowera, n'kutiitana kuti tikhale pamthunzi. Tinabwerera m'boti mdima utagwa, udzudzu utatidya, tilibe tochi.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba: tsikani kutatsala maola awiri kuti madzi adzadze, mubwerere asanathe maola awiri chidzadzireni. Muli ndi maola anayi, okwana kuyenda ndi kucheza. Yachiwiri, ngati mukufuna tsiku lonse: tsikani madzi akuphwa, musiye kaboti pa nangula m'mphepete mwa khwalala pamene sipauma, muyende wapansi, ndipo mubwerere madzi asanakwere kufika m'chiuno. Mukachedwa, kaboti mudzakaona kakuyandama patali pa madzi othamanga, ndipo kusambira kukatsatira ndi kumene kumaphetsa anthu.

M'kaboti musasowe nkhafi ziwiri, nangula wa chingwe chachitali, petulo wapadera, madzi akumwa, tochi ndi wailesi ya m'manja. Injini ikazima pakati pa khwalala madzi akutuluka, ponyani nangula nthawi yomweyo, zokonza pambuyo. Kupanda kutero mudzapezeka kunja kwa zilumba.

Poyenda m'madzi osaya valani nsapato, ndipo muzikhwekhwereza mapazi m'malo monyamula. Mu mchengamo mumabisala nsomba yaphanthiphanthi ngati lichero, ya mchira wokhala ndi munga wa ululu. Ikamva phazi likubwera imathawa, koma mukaiponda pamsana imabaya. Wina akabayidwa, viikani balalo m'madzi otentha momwe angapiririre osapsa, kwa theka la ola kapena kupitirira, kenako mufune chipatala ku Vilankulo.

Eni ake a chilumba

Zilumbazi si zopanda anthu. Pa Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque pamakhala anthu masauzande angapo, ambiri olankhula Chitswa, asodzi a ngalawa za thanga limodzi. Gombe limene mwakocheza ndi pakhomo pa wina. Zimene amayi anakuphunzitsani zikugwira ntchito: odi kaye, moni kaye, nkhani pambuyo. Chipwitikizi chochepa chikukwanirani, "bom dia", "com licença", "obrigado". Mwamuna wachikulire mukamutchula kuti madala amva, mawuwo amawagwiritsanso ntchito. Polowa m'mudzi valani malaya, amayi mangani chitenje, chimene kumeneko amati capulana. Musajambule munthu musanapemphe.

Madzi akaphwa mudzaona amayi ndi madengu akutola nkhono za mu mchenga zimene amati mapalo. Ndi ndiwo komanso ndi ndalama yawo, inu musatole nawo. Mudzaonanso migwalangwa yaifupi yodulidwa pamwamba, atamangirira kachigubu: akugoma uchema, womwe uja wa ku Chigwa cha Shire, ndipo dzina lake n'lofanana.

Asodzi adzabwera pa boti ndi nsomba, nkhanu ndi zina. Gulani, ndipo nenererani mwaulemu, osafinya munthu amene wapalasa kuchokera kutali. Ena amakonda kusinthanitsa ndi shuga, mpunga, mbedza kapena chingwe. Nkhanu yokhala ndi mazira ndi tinsomba tating'ono kanani. Wina akabweretsa chigoba cha kamba kapena nkhono zikuluzikulu zokongola, kananinso. Ndi mlandu kwa iye ndi kwa inu. Ndipo usiku kwezani kaboti m'boti, injini yake muikhome loko. Sindikunena kuti anthu ake ndi akuba. Ngakhale pa Nkhata Bay injini siigona panja.

Zokaona

Phiri la mchenga la ku Ponta Dundo, kunsonga ya kummwera kwa Bazaruto, likwereni m'mamawa mchenga usanatenthe. Pamwamba pake ndi pamene mudzamvetse zonse ndanenazi, chifukwa makwalala ndi milu zimaoneka pansi panu ngati zojambula, ndipo mukakhalitsa ola limodzi mumaona chithunzicho chikusintha. Ine ndimati munthu akwere pamenepo ndi kope, ajambule njira.

Kuseri kwa mapiri a mchengawo kuli tinyanja ta madzi opanda mchere. Ndi tokongola, mbalame zili mbwee, ndipo muli ng'ona. Kwa Mmalawi sindifunika kuwonjezera.

Two Mile Reef, matanthwe a korali amene ali kunja kwa mpata wa pakati pa Bazaruto ndi Benguerra, ndi malo abwino koposa oonera nsomba, koma pitani ndi boti la anthu a konko odziwa mpatawo, lanu litsale pa nangula. Kuwedza n'koletsedwa pamenepo, ndipo kwina konse m'pakimu kumafuna chilolezo. Pa Santa Carolina pali bwinja la hotela ya nthawi ya Apwitikizi, makoma akugumuka moyang'ana nyanja. Yendanimo mosamala, simenti yake inadyeka ndi mchere.

Nyama ija ndinalonjeza ndi dugong. Imapuma mpweya ngati mvuu koma situluka kumtunda, imadya udzu wa pansi pa nyanja, ndipo imabereka mwana mmodzi pakapita zaka zingapo. Gulu la pa Bazaruto, mazana ochepa chabe, ndi lokhalo lalikulu limene latsala ku gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Zimene zimaipha ndi maukonde ndi mapulopela a maboti. Choncho pa madzi osaya a udzu yendetsani kaboti pang'onopang'ono, ndipo mukaona msana wotuwa ukutumphuka, zimitsani injini, musaithamangire. Mwina simudzaiona n'komwe. Ife tinakhala masiku 9, tinangomva kupuma kwake kamodzi m'bandakucha.

Akamba a m'nyanja amaikira mazira ku gombe la kum'mawa kuyambira cha mu Okutobala. Mukapeza mapazi ake pa mchenga, ngati a thirakitala yaing'ono, musatsatire ndi tochi, musakumbe.

Masiku a pa nangula

Mbale tsukani ndi madzi a m'nyanja, mutsukuluze ndi kapu imodzi ya madzi abwino. Kusamba n'chimodzimodzi. Zinyalala zonse za pulasitiki ndi zitini zitsukeni, ziphwanyeni, zisungeni m'thumba mpaka pa doko lalikulu. Pachilumba palibe kozitaya, ndipo mukapatsa mwana kuti akataye mudzazipeza pagombe mawa. Za m'chimbudzi musatsegulire pamalo okocheza. Nyali ya pamwamba pa mlongoti iziyaka usiku wonse chifukwa ngalawa za asodzi zimayenda mumdima popanda nyali. M'mawa uliwonse, musanamwe tiyi, onani zinthu zitatu: nthawi za madzi, makina a mpweya, ndi uthenga wa zanyengo.

Kuchoka

Ngati mukulowera ku South Africa, doko loyamba ndi Richards Bay, mtunda wa pafupifupi mamailosi a panyanja 500 (makilomita oposa 900), masiku atatu kapena anayi. Madzi a m'nyanjayi amathamangira kummwera ndipo amakukankhani bwino, koma mphepo ya kummwera ija ikawombana nawo mafunde amaima ngati khoma. Ndiye mukufuna mpata wa masiku anayi opanda mphepo imeneyo. Nthawi yabwino yonyamuka ndi pamene yangodutsa kumene, ikukhotera kum'mawa. Mpata ukakhala wa masiku awiri okha, khalani. Inhambane ndi Maputo ndi kothawira, koma nakonso kuli milu yake ya mchenga yofuna masana ndi madzi okwera.

Dzulo lake sunthirani boti kufupi ndi nsonga ya kumpoto kuti m'mawa musakhale ndi makwalala ambiri oti mudutse. Kwezani kaboti, mangani zonse zogubuduka, phikiranitu chakudya cha masiku awiri. Tsegulani kope lija, muone msinkhu wa madzi umene munalowera, mupeze ola la mawa limene madzi okwera adzafike pamenepo dzuwa lili pamwamba. Ola limenelo likakwana, zulani nangula, mutsuke mchenga pa tcheni pamene chikulowa, wina akaime kutsogolo ndi magalasi ake, ndipo matanga musakweze mpaka makina ataonetsa mamita 20 ndipo nsanja ya nyali ili kumbuyo kwanu.